Chigoba cha a Mageti

Mumsewu wawo palibe amene ankawatchula dzina la m'kaundula. Ana, ogulitsa makala, ngakhale akazi awo akapsa mtima, onse ankangoti a Mageti. Dzinali linabwera ndi ntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi mphambu ankawotcherera zitsulo m'shedi ya malata imene anailumikiza kukhonde la nyumba yawo. Ankapanga mabagala a m'mawindo, mabedi ndi zitseko, koma chimene chinawatchukitsa ndi mageti, ndipo panalibe awiri ofanana. Mayi wina wa mkono umodzi anamupangira geti lotsekula ndi bondo. Mphunzitsi wina amene ana ake ankathawira kumsewu anamuikira loko wosafuna kiyi, wongofuna dzanja la munthu wamkulu. Anzawo a ntchito yomweyi ankabwera ndi mafoni kudzajambula n'kukakopera, koma chaka chisanathe mageti okoperawo ankayamba kukwekwesa pansi.

Munthu wake anali wamfupi, wa mikono ya zipsera, wosachuluka mawu. Sankamwa, sankasewera mpira wa pakamwa ndi amuna anzawo pagolosale, ndipo nkhani za ndale ankazimvetsera ngati mmene munthu amamvera mvula ya kutsidya. Chachilendo pa iwo chinali chimodzi chokha. Nthawi ikakwana 12 koloko masana, ankazimitsa makina, n'kukakhala pa mpando wakale wa galimoto umene unali pakona ya shedi, n'kutsitsira kumaso chigoba chimene owotcherera amavala poteteza maso. Galasi la chigoba chotere ndi lakuda bii, moti popanda moto wa makina suona kanthu. Dzuwa lenilenilo limangooneka ngati kadontho kobiriwira. A Mageti ankakhala mumdima umenewo, manja ali pamaondo, theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Akavula ankatola choko, n'kugwada pa simenti, n'kujambula chinthu chimene m'mawa wonse chinali chitawakanika.

Khalidweli analiyamba ali mnyamata, akugwira ntchito pafakitale ina yaphokoso. Tsiku lina belu la nkhomaliro litalira anatopa kwambiri moti analephera ngakhale kukweza chigoba. Anangokhala pomwepo. Anzawo anadutsa osawayankhula, poganiza kuti akadali pa ntchito. Kwa nthawi yoyamba chilembedwereni anamva kupuma kwawo, ndipo anadzuka pamenepo ali wopepuka kuposa amene anakadya. Kuyambira tsikulo sanasiyenso.

Atangokwatirana, akazi awo ankayesa kuti ndi tulo ta ulesi. Tsiku lina anangopita n'kukweza chigobacho mwadzidzidzi kuti awagwire. Anapeza maso ali tong'o.

"Mukuona chiyani m'menemo?" anafunsa.

"Palibe."

"Nanga mukukhaliranji?"

"Chifukwa chomwecho, amayi."

Mayiwo sanamvetse tsiku limenelo, koma anali munthu woona zinthu. Anaona kuti masiku amene amuna awo asokonezedwa masana, madzulo ake ankakalipira ana popanda chifukwa ndipo zitsulo zodula molakwika zinkachuluka kuseri. Choncho anadzipatsa okha udindo. Ikakwana 12 koloko ankatulutsa mpando ndi zoluka zawo pakhonde, pafupi ndi khomo la shedi. Aliyense wobwera, kaya ndi kasitomala wa galimoto yonyezimira, kaya ndi mbale wochokera kutali, ankalandira yankho limodzi: "Ali pa ntchito." Munthu ankasuzumira, n'kuona mwamuna atangokhala phee ngati katundu woiwalika, n'kuyang'ananso mayiwo. Mayiwo ankapitiriza kuluka.

Zinayenda choncho mpaka m'mawa wina pamene mayiwo anagwa kubafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako patatha masabata atatu, mbali ya kumanja itafooka, mwendo ukukoka, mkono uli lende. Mawu ankatuluka, koma amodziamodzi ndiponso molemera. Adokotala anati mwendowo ukhoza kudzuka ngati angamauyendetse tsiku ndi tsiku, bola asagwenso.

Apa ndi pamene nyumba ya a Mageti inawatembenukira. Anaimanga okha pamalo otsetsereka, pang'onopang'ono: mwana akabadwa, chipinda n'kuwonjezeka, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi msinkhu wakewake. Kuchoka kuchipinda chogona pamafunika kutsika masitepe atatu, kudutsa kanjira kopapatiza, kukhota, kutsikanso masitepe awiri, ndiye n'kufika kubafa. Khonde linali patsogolo pake. Zaka zonsezi palibe amene anawerengapo masitepewo. Tsopano aliyense m'nyumbamo ankawadziwa ngati zala zake, chifukwa ulendo uliwonse wa kubafa unkafuna anthu awiri onyamula, ndipo msana wa a Mageti unayamba kulira tsiku lachitatu.

Mwana wawo wachisamba, amene ankagwira ntchito ya mu ofesi mumzinda wina, anatenga tchuthi cha mwezi umodzi kudzasamala mayi ake. Anali mtsikana wachangu, wokonda makolo ake, wosadziwa kukhala ndi vuto osaligwira pakhosi. Anabwera ndi chikuku cha odwala chatsopano, chikadali m'mapulasitiki. Chikukucho chinakanika kulowa m'kanjira kaja. Anachiyesa chammbali, anachiyesa chopinda, chinakana.

"Ababa," anatero madzulo ake, "tchuthi changa chikatha ndiwatenga amayi. Kwanga n'kosalala, kulibe sitepe ngakhale imodzi. Inu nokha simungathe kuwanyamula."

"Nanga ine?"

"Muzibwera kudzawaona. Kapena tsekani shediyi mubwere nonse."

Onse awiri ankadziwa kuti a Mageti opanda shedi sangathe mwezi ali munthu. Onse awiri ankadziwanso kuti mwanayo sankanama. A Mageti anachita mantha, mantha enieni, ngakhale nkhope yawo sinasinthe. Chikwatirane sanagonepo nyumba zosiyana ndi akazi awo kupatula masabata atatu a kuchipatala aja, ndipo masabata amenewo anawakwana.

"Ndipatse mwezi wakowo," anatero. "Ndipanga chinthu."

Mawa lake 12 koloko itakwana, anazimitsa makina, n'kukhala pa mpando wa galimoto uja, n'kutsitsa chigoba. Pakhonde panalibe woluka. Wachisamba anabwera ndi tiyi, n'kupeza bambo ake atakhala chete, nkhope ili m'chitsulo, manja ali pamaondo. Ali mwana ankaziona zimenezi tsiku lililonse ndipo ankangoti adadi akugona. Koma tsopano anali wamkulu, wowerenga zambiri pafoni. Mwamuna amene mkazi wake wadwala chonchi, n'kumadzitsekera mumdima masanasana? Anaika tiyi pansi n'kukaimbira foni amalume ake.

Amalumewo, mlongo wawo wa mayi odwalawo, anali atapuma pa ntchito ya ukondakitala wa mabasi. Ntchito inatha koma pakamwa sipanapume. Anafika tsiku lomwelo ndi njinga yawo, n'kumva nkhani yonse akugwedeza mutu.

"Wachita bwino kundiuza, mwanawe. Maganizo amapha. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Alamu angawa asapezekenso okha ngakhale mphindi imodzi."

Anakonza ndondomeko, ndipo inali yadongosolo kuposa ya mabasi aja. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu masana ankabwera amalumewo. Lachiwiri ankabwera mkulu wa mpingo. Lachinayi linali la neba wa kuseri, wokonda nkhani za mpira. Wachisamba anagula kawailesi n'kukapachika m'shedi kuti pakasowa mlendo pasasowe mawu. Chigoba anachilola m'mawa pa nthawi yowotcherera, koma makina akangozima ankabwera kudzachitenga n'kukachiika pamwamba pa wadiropu kuchipinda kwa mayi ake. Zonsezi ankazichita ndi chikondi chenicheni, ndipo ndicho chinkapweteka, chifukwa wokuchitira chifundo sumuthamangitsa. A Mageti anayesa kamodzi kufotokoza kuti iwo sakudandaula, amangofuna kukhala chete pang'ono.

"Mwamva?" anatero amalumewo kwa Wachisamba. "Onse amayamba ndi mawu omwewa."

Kuchipinda nako kunali chimodzimodzi. Azimayi a kumpingo ankasinthana pa mphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuimba, kupemphera, kufotokoza za achibale awo amene anadwala matenda omwewa, ena anachira, ena ayi. Mayi odwalawo ankangoyang'ana kudenga.

M'masabata atatu a Mageti anapanga zinthu zitatu. Choyamba chinali chikuku chopyapyala. Chinalowa m'kanjira koma pokhota chinakakamira, ndipo pa masitepe chinkafunabe anthu awiri. Chachiwiri chinali mlatho wachitsulo wophimba masitepe. Unatsetsereka kwambiri moti amalume, amene anadzipereka kuuyesa atakhala pa chikuku, anakaima ndi chitseko cha bafa. Chachitatu a Mageti sanachionetse munthu. Anachidula ndi kuchiponya kuseri. Manja awo anali omwe aja, makina omwe aja, koma m'mutu munali ngati pa siteji ya basi. Ankagwira choko n'kupeza akujambula chikuku chomwe chija. Anayamba kuyeza kawiri n'kudula molakwikabe, ndipo tsiku lina anakalipira kasitomala amene anangobwera kudzafunsa za geti lake.

Lolemba la sabata yomaliza Wachisamba anayamba kulongedza zovala za mayi ake. Mwamuna wake anali atanena kuti abwera ndi galimoto Loweruka.

Masana a tsiku limenelo a Mageti analowa kuchipinda ndi kapu ya madzi. Azimayi awiri anali pa mphasa. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka ku manja, kenako anatembenukira kwa mwana wawo amene ankapinda nsalu.

"Tulukani nonse," anatero, liwu limodzilimodzi. "Abambo andipake mankhwala. Kumsana."

Palibe mlendo amene amatsutsa mawu otero. Azimayi aja ananyamula zikwama zawo, Wachisamba anatseka chitseko. A Mageti anayamba kufunafuna botolo la mankhwala.

"Siyani," anatero mayiwo. Anakweza dzanja lawo lamanzere n'kuloza pamwamba pa wadiropu. "Valani."

A Mageti anatsitsa chigoba chija. Anakhala pansi, msana atatsamira bedi, n'kuchivala. Panja amalume anafika, belu la njinga likulira, n'kufuula odi. A Mageti anamva Wachisamba akuuza amalumewo kuti adikire, odwala akupakidwa mankhwala. Kenako kunakhala bata.

Tsiku loyambalo simunabwere nzeru iliyonse m'chigobamo. Munabwera misozi, imene inali itasowa pogwera kwa masabata asanu ndi limodzi. Inatsika yokha, yopanda phokoso, n'kukathera m'kolala ya ovololo. Dzanja lamanzere la akazi awo linali pa phewa lawo. Atavula anamva njala, chinthu chimene anali atachiiwala, ndipo anadya mbale yonse.

Lachiwiri msana wa mayiwo unafunanso mankhwala pa nthawi yomweyo. Mkulu wa mpingo anadikira pakhonde. A Mageti anakhala mumdima muja, osaganiza za chikuku, osaganiza za Loweruka, akungomva zimene zinalipo: kupuma kwa akazi awo, nkhuku ya aneba, madzi akudontha kubafa. Patapita nthawi, kutsidya kwa msewu wina anatsekula geti. Linali geti lokoka chammbali limene iwo anapanga zaka khumi zapitazo, lolemera ngati ng'ombe ziwiri, koma loti mwana wasukulu amalikankha ndi dzanja limodzi. Linali ndi timawilo pamwamba, toyenda m'njanji yopachika, chifukwa pakhomo pamenepo pansi panali pokumbikakumbika. Phokoso limeneli ankalimva kangapo tsiku lililonse osalilabadira. Tsiku limeneli analimva kuyambira poyamba mpaka pomwe getilo linakagunda.

Anakweza chigoba n'kuyang'ana kudenga. Masabata atatu onsewa ankalimbana ndi pansi, pamene pansi pa nyumba imeneyi panali posathandizika. Koma mitanda ya kudenga anaikhoma okha, ndipo ankaidziwa kulimba kwake.

"Amayi," anatero, "ndikupachikani ngati geti."

Mayiwo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Mwachedwa," anatero.

A Mageti anajambula pa simenti ya kuchipinda komweko, Wachisamba akudandaula za choko. Njanji ya chitsulo inayenera kuchoka pamwamba pa bedi, kutsata kanjira, kukhota, kudutsa pa bafa mpaka pakhonde. M'njanjimo muziyenda timawilo tinayi ta geti. Pa timawilopo pazilendewera lamba wamkulu wa galimoto womanga pachifuwa, ndi chogwirira cha dzanja lamanzere. Munthu aziyenda ndi miyendo yake, koma mwendo ukagonja lamba azimugwira. Pa masitepe njanji izitsika nawo, ndipo pamenepo anaikapo kachitsulo kokola ngati ka loko, kuti timawilo tisathamange tokha pokhapokha mwini atafinya chogwirira.

Ntchitoyo inatenga masiku atatu. Amalume anapezeka kuti ndi munthu wothandiza kwambiri akapatsidwa chitsulo cholemera kuti achigwire pamwamba pa mutu, chifukwa pamenepo mpweya wolankhulira unkawathera. Masana aliwonse msana wa mayi unkafunabe mankhwala, ndipo Lachinayi m'chigoba momwemo ndi mmene a Mageti anapezera njira yopindira njanji pokhota paja popanda timawilo kukakamira. Lachisanu anadzimanga okha lamba n'kudzigwetsa dala pa masitepe kasanu. Kenako anamanga amalume, amene ankalemera kuposa mlongo wawo, n'kuwagwetsanso.

Loweruka mkamwini anafika ndi galimoto cha m'ma 11 koloko. Wachisamba anali ataika kale chikwama cha mayi ake kumbuyo kwa galimotoyo. Sanabise maganizo ake.

"Ababa, chinthuchi n'chokongola, sindikukana. Koma ndione ndi maso anga. Akalephera, tikupita, ndipo musandiimbe mlandu."

"Sindikuimba mlandu, mwanangu."

Anthu anali atadzaza m'kanjira, moti anachita kuwapempha kuti apanikizike kukhoma. A Mageti anamanga akazi awo lamba, n'kuika dzanja lawo lamanzere pa chogwirira, n'kubwerera m'mbuyo, manja atawapinda kumsana kuti asawatambasule. Mayiwo anaima. Anaponya mwendo wabwino, n'kukoka winawo. Timawilo tinalira pang'ono kudenga. Pa sitepe yachiwiri bondo linagonja, azimayi anakuwa, Wachisamba anadumpha, koma lamba anagwira ndipo mayiwo anangolendewera pang'ono, nkhope itakwinyika ngati munthu amene wapondedwa pamzere. Anadziwongola okha n'kutsika yachitatu.

Ulendo umene munthu wabwinobwino amauyenda asanamalize kuyasamula unawatengera mphindi khumi. Atafika pakhomo la bafa anthu anawomba m'manja, mkulu wa mpingo n'kuyamba kukonza kukhosi kuti apemphere. Koma mayiwo sanaime. Anapitirira, thukuta lili kamukamu, mpaka pakhonde, mpaka pomwe njanji inathera, pakhomo la shedi. Anayang'ana mpando wa galimoto uja pakona. A Mageti anaukokera pafupi, n'kuwamasula lamba, n'kuwakhazika.

"Aa, abwera kudzaona kuntchito kwa amuna awo," anatero mayi wina, ndipo onse anavomereza kuti chikondi ndi chimenechi.

Mayiwo anapuma kaye. Kenako anatambasula dzanja lamanzere kuloza pa tebulo la zitsulo, pamene panali chigoba.

"Mwezi wathunthu," anatero kwa amuna awo, mawu akutuluka amodziamodzi koma omveka kwa aliyense amene anali pakhondepo, "anthu ali m'makutu mwanga. Bweretsani."

A Mageti anapukuta m'kati mwa chigobacho ndi malaya awo, n'kuchepetsa lamba wake wa kumutu, n'kuwaveka. Mayiwo anachitsitsa okha. Anaika dzanja labwino pa bondo, n'kukhala phee. Azimayi a kumpingo anayang'anana, ndipo mmodzi ndi mmodzi anayamba kukumbukira kuti kunyumba anasiya ntchito. A Mageti anazimitsa kawailesi kaja, n'kutenga mpando wa pakhonde umene akazi awo ankakhalira poluka, n'kuuika pakhomo la shedi.

Wachisamba anabwera, makiyi a galimoto ali m'manja, maso ali ofiira. Anaima pamaso pa bambo ake n'kusuzumira m'kati.

"Ababa, ndingowafunsa kamodzi kokha. Anene okha ngati akupita kapena akutsala."

A Mageti anakweza dzanja pang'ono.

"Ali pa ntchito," anatero.

Mwanayo anaima pomwepo kwa kanthawi, akuyang'ana mayi ake, akuyang'ana bambo ake. Kenako anapita kugalimoto, n'kutsitsa chikwama chija. Pobwerera nacho, atafika pafupi ndi khonde, anavula nsapato zake zogogoda n'kudutsa chonyang'ama.